Nambala Imene Ndinakana Kusintha

1

Mwana wanga atamwalira, anthu a kwa Mnkhanya anasiya kunditchula amake Purity. Palibe anachita kulengeza. Ndinangoona kuti kuchitsime, kutchalitchi, ngakhale pakhomo pa amayi anga, ndabwereranso kukhala Christabel, ngati kamtsikana kosadziwa kuwawa kwa uchembere. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa cha dzina limenelo. Za kompyuta mumva zambiri, koma musatope nazo, chifukwa ndi zimene zinandiuza zoona anthu onse atatseka pakamwa.

Purity anakhala nafe miyezi inayi. Anayamba kutentha thupi mu Okutobala 1998, titangobwerako ku Chipata, kumene abwana anga a Sakala anandipempha kuti ndikawathandize kusankha zipangizo za ofesi. Ndinali ndidakali pa tchuthi, koma ndinapita, mwana ali kumbuyo. Kuchipatala anati malungo amutha magazi. Kumudzi anaona mapazi ndi masaya zotupa, n'kuyamba kuyang'anana. Kwathu khanda likatupa chotero amati lasemphedwa, kutanthauza kuti mmodzi wa makolo ake wayenda kunja mwanayo asanakhwime. Nanga amene anakagona ku Chipata, pa resitihausi imodzi ndi abwana, anali ndani?

Palibe anandifunsa. Akanandifunsa ndikanayankha. Atate anga, a Gideon Chulu, mkulu wa masikauti olondera nyama zakutchire, anangondiuza mawu awa tikuchokera kumanda: "Sukulu ija ndinakuphunzitsa kuti udzandivule pagulu." Kuyambira pamenepo moni wawo unali wongogwedeza mutu. Mwamuna wanga Onesmus sananene kanthu, ndipo ine ndinati ndi chisoni.

Kulira ndinalira masiku oyamba okha. Kenako mumtima munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkadya, ndinkasamba, ndinkayankha moni.

2

Ndinabwerera kuntchito mu Januwale, Luangwa atasefukira, malo ogona alendo atatseka. Ofesi yathu inali ya pulojekiti yoteteza nyama, m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Mfuwe. Banja lathu lonse linkadyera pamenepo: atate ndi masikauti awo, Onesmus m'chipinda cha wailesi kutsidya kwa bwalo, ine pa kompyuta yaikulu. Mng'ono wanga Tabeth, amene ndinamuphunzitsa kutaipa kuti andisungire malo ndili pa tchuthi, anali atamusamutsira ku sitolo ya katundu.

Makompyuta anali anayi, ndipo waya wowalumikiza ndinaukwirira ndine m'mapaipi, chifukwa anyani anali ataudula kawiri uli m'mwamba. Iliyonse ndinaipatsa nambala yake: 1 yanga, 2 ya abwana, 3 ya ku wailesi, 4 ya ku sitolo.

A Sakala anali munthu woona patali. Mphekesera za kumudzi anazimva, koma sanazitchule. Anangondipatsa ntchito yoti idzaze mutu wanga.

"Malipoti a masikauti tatopa kuwanyamula pa disiketi m'matope umu," anatero. "Onesmus akalandira pa wailesi kuti apeza misampha kapena njovu zalowa m'munda, azilemba komweko, zizifika kwa inu zokha. Zingatheke?"

"Zingatheke," ndinayankha.

Chimene ankafuna timachitchula seva. Ndi kapulogalamu kokhala pa kompyuta yaikulu kudikira kuti makompyuta ena agogode. Kompyuta ili ngati nyumba ya makomo masauzande, lililonse ndi nambala yake, ndipo seva isanayambe ntchito imayenera kugwira khomo limodzi n'kukhala pomwepo. Khomo limodzi siligwiridwa ndi mapulogalamu awiri. Mphunzitsi wathu ku koleji ku Lusaka ankati tizisankha nambala yopitirira 1024, koma yoti sitingaiwale. Ine chikwatiwire ndinkangolemba 1608, tsiku la ukwati wathu, pa 16 Ogasiti. Zala zinkailemba zokha.

Ndinamaliza seva ija mu Febuluwale. M'mawa wina ndinaiyatsa, ndipo inafa pomwepo n'kusiya mzere umodzi: *bind: Address already in use*. Kunena kwake, khomo ukufunalo lagwidwa kale.

3

Sindinadabwe. Vuto limeneli aliyense wolemba seva amalidziwa. Ukazimitsa pulogalamu n'kuiyatsanso msanga, kompyuta imakhala ikadagwirizira khomo lija kwa kanthawi, kudikira ngati pali mawu otsalira m'njira. Ndinapita kukamwa madzi, n'kubwerera, n'kuyesanso. Inakana. Ndinawonjezera mzere wouza kompyuta kuti isadikire. Inakanabe.

Jenereta yathu inkazimitsidwa masana kuti dizilo asathe msanga. Tsiku limenelo sindinapite kukadya, choncho magetsi atabwera ndinayatsa kompyuta ndekha. Seva inadzuka bwinobwino. Ndinatumiza lipoti loyeserera kuchokera pa kompyuta ya abwana, n'kufika. A Sakala anaomba m'manja. Ine ndinangolemba pakapepala kuti masana yagwira.

M'mawa mwake inakananso.

Zinayenda choncho sabata yonse: m'mawa kukana, masana kuvomera. Ndinakayikira waya, ndinakayikira chinyezi cha mvula, ndinawerenga pulogalamu yanga mzere ndi mzere mpaka maso kuwawa. Lachinayi Onesmus anabwera pakhomo la ofesi jenereta itangozima.

"Christabel, sudya masiku ano. Pita ukadye, ukapumuleko. Magetsi akabwera ndiyatsa ndine makina."

Chiyambire maliro anali asanandilankhulepo mofatsa chonchi. Ndinapita kukadya. Nditabwerako seva inakana, masana omwe.

"Nanga osangosintha nambala bwanji?" anafunsa a Sakala. "Mwanena nokha kuti makomo alipo masauzande."

Ankanena zoona. Inali ntchito yosatenga ngakhale mphindi. Koma ine ndili ndi khalidwe langa loipa, limene amayi ankandikalipira ndili mwana: chinthu chikandikanira, sindichisiya ndisanadziwe chifukwa. Ndipo kunena zoona, vuto limeneli linali chinthu chokha chimene chinkandidzutsa m'mawa.

"Ndipatseni mpaka Lolemba," ndinawapempha.

4

Lachisanu ndinachita chimene ndinayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinasiya kuimba mlandu pulogalamu yanga n'kuifunsa kompyuta kuti indionetse makomo onse otsegula. Pali lamulo lake, timalemba *netstat*. Mizere inatsika, ndipo pakati pake ndinaona 1608. Wina anali ataligwira, akudikira, ndipo kompyuta nambala 3, ya ku wailesi, inali italumikizidwa naye. Ndinayang'ana mayina a mapulogalamu amene anali kugwira ntchito. Chakumunsi kunali dzina limene ndinapereka ndine: *macheza*.



Muyenera kumvetsa mmene zinalili titangokwatirana. Onesmus anali mkamwini, ndipo apongozi ake anali pabwalo lomwelo tsiku lonse. Mkamwini waulemu saima n'kumaseka ndi mkazi wake apongozi akuona. Akakumana ndi atate pa njira ankapatuka n'kuwomba m'manja. Ndiye ife, anthu a miyezi iwiri m'banja, tinkatha tsiku lonse osalankhulana, tikuonerana pawindo. N'chifukwa chake ndinalemba *macheza*. Kankakhala pa kompyuta yaikulu mosaoneka, n'kumalandira anthu awiri okha. Chimene wina walemba chinkatuluka kwa mnzake, ndipo sikankasunga kanthu. Popeza Onesmus ndiye ankaliza jenereta ndi kuyatsa makina m'mawa uliwonse, ndinamuphunzitsa kukadzutsa. Ankandilembera zopusa. Kuti nsapato zanga zikulira ngati bakha. Kuti mwana akadzabadwa adzakhala ndi mphuno ya atate, Mulungu atichitire chifundo.

Nditapita pa tchuthi ndinafufuta mbali yanga pa kompyuta n'kuisunga pa disiketi kunyumba. Ndinali nditaiwala kuti kanthu kameneka kanakhalapo.

Tsopano kanali pamaso panga, kali moyo, Onesmus ali mkati akudikira. Ndikuvomereza kuti ndinaganiza zimene mkazi aliyense akanaganiza. Ndinati munthu uyu pakamwa pamukanika, ndiye m'mawa uliwonse amadzutsa kamacheza kathu kuti mwina tsiku lina ndidzalowa. Ndinayang'ana pawindo, ndinamuona ataweramira kompyuta yake. Mwendo wadzanzi uja unayamba kunyerenyesa pang'ono.

Titaweruka ndinafunafuna disiketi ija m'sutikesi, m'kabati, m'thumba la zovala za Purity limene ndinali ndisanalitsegule. Sindinaipeze. Sindinamufunse Onesmus, ndinkafuna kuti adzangondiona ndalowa. Loweruka ndinamuchapira mayunifomu ndi kuwasita, ndipo anathokoza akuyang'ana kumbali.

5

Lolemba ndinafika ndi maganizo olembanso mbali yanga ija, poti inali yaifupi. Ndisanayambe ndinafunsanso kompyuta za khomo 1608. Ulendo uno olumikizidwa anali awiri. Nambala 3, ndi nambala 4, ya ku sitolo.

Malo a munthu wachiwiri anali atatengedwa. Ndinadziwanso kumene disiketi ija inapita.

Sindinakuwe. Ndinangoona zinthu zikubwera chimodzichimodzi n'kukhala pamalo pake. Onesmus ankamutchula Tabeth kuti mkazi wanga wamng'ono, ankamulanda mango m'manja, tonse n'kumaseka, poti kwathu mlamu ndi woseka naye. Purity ali ndi miyezi iwiri, amayi anayamba kuletsa Tabeth kumunyamula, ati ali ndi chimfine, chimfine chosatha. Anamuletsanso kuthira mchere m'ndiwo zathu. Nthawi yomweyo Onesmus naye anasiya kunyamula mwana, ati manja ake anunkha dizilo. Ndipo masiku amenewa ndinali nditamupeza Tabeth kuseri kwa sitolo akudya dothi la chiswe, chitenje atachimangira m'mwamba.

Ndikanatha kusintha *macheza* kuti ndiziwerenga zimene ankalemberana. Sindinafune. Zopusa zimenezo ndinkazidziwa kale kakomedwe kake.

Atate anali pabwalo akugawa makatoni a chakudya kwa masikauti opita kutchire. Ndinatuluka n'kugwada pambali pawo.

"Atate, ndikupempha mubwere muofesi."

"Ndili pa ntchito. Galimoto inyamuka ten hours."

"Chiyambire maliro sindinakupempheni kanthu."

Anandiyang'ana, koyamba m'miyezi yonseyo. Anapukuta nsapato n'kulowa. Ndinawaikira mpando pafupi ndi windo, pamene amaona chitseko cha wailesi ndi cha sitolo. Ndinawauza mwachidule kuti m'makinamu muli njira imene anthu awiri amalankhulirana mobisa, kuti ndinaipanga ndine, ndipo kuti ndikuidula tsopano.

"Ndiye ine ndione chiyani?"

"Amene atuluke."

Ndinapha *macheza*. Nthawi yomweyo ndinayatsa seva yanga, ndipo inagwira khomo lake mosavuta, koyamba m'mawa. Mvula inali kuwaza pang'ono. Kwa kanthawi pabwalo panalibe china koma nkhanga ziwiri zoweta.

Chitseko cha sitolo chinatseguka. Tabeth anaima cham'mbali, dzanja lili m'chiuno, akuyang'ana kutsidya. Kenako cha wailesi. Onesmus anamulozera Tabeth ndi dzanja kuti abwerere mkati, n'kudumpha matope kubwera kwa ine. Analowa akulankhula.

"Christabel, wagwira chiyani manje pa makina, zinthu zangoduka..."

Anawaona atate. Mawondo anayamba kupinda okha monga mwa mwambo, koma anaima pakati, osagwada osaimirira.

"Zaduka ziti?" anafunsa atate. "Wailesi ndikuimva ikulira."

"Ndi macheza chabe, atate. Zapachilamu."

"Zapachilamu amaseka pagulu."

Atate sanamuyang'anenso. Anaimirira n'kukankha windo. Tabeth ataona nkhope yawo anangokhala pansi m'matope momwemo n'kudziphimba kumutu ndi chitenje, mimba ili poyera. Masikauti amene ankakweza makatoni anasiya, n'kutembenukira ku galimoto ngati pali chimene chawonongeka.

6

Amayi ndinawapeza m'munda wa thonje akupalira. Uthenga unali utandipitirira kale. Sanaweramuke.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Ndinawapeza ndekha. Mwana ali ndi miyezi iwiri."

"Ndiye pamene azimayi ankandilavulira kuchitsime, inu munali kudziwa."

Anaika khasu pansi n'kukhala pamzere. Anali atakalamba kwambiri chaka chimenecho, ndipo ndinaona zimenezo popanda kumva chisoni.

"Ndinayesa kumuteteza mwana. Ndinawaletsa kumugwira onse awiri. Atapita, ndinati nditani? Ndikanena, atate ako apha munthu, mfuti ali nayo. Tabeth sadzakwatiwanso. Banja lako litha. Iwe unali ndi sukulu, unali ndi ntchito. Ndinati mutu ukakula sulewa nkhonya, uyu apirira, anthu adzaiwala."

"Munasiya kunditchula amake Purity."

"Ndinkalephera kulitchula dzinalo," anatero, n'kuyamba kulira.

Ndinadikira kuti nanenso ndilire. Sizinabwere. Ndinaona kuti thonje lagwidwa ndi nsabwe kunsi kwa masamba, ndipo ndinawauza kuti lifunika kupopera.

Ankhoswe anakhala pansi Loweruka lotsatira. Sizinatenge nthawi, poti wokana panalibe. Onesmus anachoka monga amachokera mkamwini, bulangete ndi sutikesi pa njinga, ndipo anapempha kuti amusamutsire ku kampu ina. Tabeth anamutumiza kwa azakhali ku Nsefu. Atate sanaphe munthu. Pamlandu wonse sanatsegule pakamwa, ndipo anthu atabalalika ine ndinatsalira pansi pa mvunguti, osadziwa nyumba yoti ndilowe.

Ndinamva nsapato zawo zolemera kumbuyo kwanga. Azimayi aja a kuchitsime anali asanafike patali, ena akupinda mphasa, ena akuchita ngati akufuna nsapato. Atate anavula chipewa. Analankhula mokweza kuposa mmene zinafunikira, poti ndinali pafupi.

"Amake Purity. Nyamukani, tiyeni mukandionetse pamene pagona mdzukulu wanga. Udzu uyenera kuti wamera."

Njira ya kumanda ankaidziwa bwino kuposa ine. Koma ndinatsogola, iwo pambuyo, khasu paphewa, ndipo tinadutsa pakati pa mudzi.

7

Inu owerenga, ena mwa inu mufunsa ngati ndikukhulupirira kuti Onesmus ndi Tabeth ndiwo anapha mwana wanga. Ayi. Purity anaphedwa ndi udzudzu, ndipo ndikanakonda kuti anthu a kwathu akanathamangira neti m'malo mothamangira kuloza zala. Koma Onesmus ankakhulupirira za kusempha, amayi ankakhulupirira, Tabeth ankakhulupirira. Onse atatu ankaganiza kuti akudziwa amene anapha mwanayo, ndipo ankadya nane mbale imodzi akundionerera ndikusenza mlandu wake. Chimenecho ndiye sindinachipezere malo mumtima mpaka lero.

Ena munena kuti ndikanamvera a Sakala. Ndimaganizapo. Ndikanasintha nambala ija, seva ikanagwira tsiku lomwelo, iwo akanapitiriza macheza awo pakhomo lawo, ine ntchito yanga pakhomo langa, mu kompyuta imodzi, osagundana. Mimba ya Tabeth akanaipezera mwini wina, mwina dalaivala wa ku Chipata amene palibe anamuonapo. Ndikanakhala ndi mwamuna, ndi mng'ono, ndi amayi oseka nawo. Ndikanakhalanso Christabel uja anasempha mwana wake, mpaka kumanda. Sindikuuzani kuti musankhe chiti mukadzafika pamenepo. Ndingonena kuti chinthu chikamakana m'mawa n'kuvomera masana, pali amene amafika m'mawa inu musanafike.

Tabeth anabereka mwana wamwamuna. Sindinamuonebe. Amayi ndimawagulira mankhwala opopera thonje, timapatsana moni, ndipo amanditchula dzina langa loyenera, ngakhale mawu amawathawa pakati. Dzanzi lija silinathe lonse. Masiku ena limachoka, ndipo masiku amenewo ndi amene amawawa.

Seva ikugwirabe ntchito. Malipoti a misampha amafika okha, a Sakala amanyadira kwa alendo. Nambala ndinadzaisintha ndithu, mlandu utatha. Ndinafufuta 1608 n'kulemba 1206, pa 12 Juni, tsiku limene Purity anabadwa. Makina ndimayatsa ndekha tsopano. M'mawa uliwonse ndimaona nambalayo ikutuluka, khomo lili lotsegula, likudikira, ndipo silinandikanirepo.